Ndinawatengera adadi ku Ma Blacks

Munthu wokulira mu Blantyre sachita kusankha kumvera Ma Blacks. Amangowapeza alipo kale, ngati phiri la Ndirande. Ukakwera minibasi ku Limbe ndi omwewo, ukapita kokonzetsa tsitsi ndi omwewo, ukamadutsa pabala masana dzuwa likuswa mtengo umamva besi yawo ikugunda kuseri kwa mpanda. Ngakhale paukwati, DJ akaona kuti perekaniperekani wazilala, amathawira kwa iwo omwewo kuti azakhali adzuke pampando. Ndiye ndikamanena kuti Black Missionaries ndi bandi yanga yapamtima, sindikunena chodabwitsa. Chodabwitsa n'choti ndinafika zaka 29 ndisanawaonepo ndi maso, chonsecho kuchokera kwathu ku Chirimba kukafika kwawo ku Chileka minibasi siitha ndi theka la ola lomwe.

Chifukwa choyamba akuchidziwa mtsikana aliyense wokulira m'nyumba ya mayi wa Mvano. Mashoo ambiri amachitika usiku, pamalo a mowa, ndipo kwa amama reggae ndi chamba anali mayina awiri a chinthu chimodzi. Koma chifukwa chachikulu chinali adadi, amene anandiphunzitsa kukonda nyimbozi, kenako iwo n'kuzisiya.

Adadi anayendetsa minibasi ya eni ake zaka zoposa 20, njira yake imodzimodzi: m'tauni, Magalasi, Chirimba, Kameza, mpaka ku Chileka, n'kubwereranso. Loweruka ndinkawakakamira, ndiye ankandikhazika pakati, pamwamba pa injini paja pamatentha, kondakitala n'kumang'ung'udza kuti ndatseka malo a munthu wolipira. Kaseti ya Kuimba 1, chimbale chimene Evison Matafale anatulutsa mu 1999, anakaigula kwa O.G. Issa ku Limbe, kumene aliyense ankagula makaseti nthawi imeneyo. Inalira mpaka inayamba kukoka mawu. Wailesi ikaitafuna, ntchito yanga inali yobwezera tepi m'kati ndi cholembera cha Bic, pang'onopang'ono, kuopa kuidula. Mu 2001 kunabwera Kuimba 2, ndipo apa n'kuti dzina la Black Missionaries litamveka ponseponse. Adadi ankati anyamata amenewo anawanyamulapo kangapo ndi magitala awo. Nditakula ndinazindikira kuti dalaivala aliyense wa njira ya Chileka amanena zomwezo, moti zikanakhala zoona zonse, anyamatawo sakanapeza nthawi yoimba.

Chileka si malo wamba pa nkhani ya nyimbo. Ambirife timangokudziwa chifukwa cha bwalo la ndege, koma m'mudzi wa Singano ndi mmene munachokera Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, amene gitala ndi chitoliro chawo zinakamveka mpaka ku Ulaya. Komweko ndi kwawo kwa Robert Fumulani, uja wa bandi ya Likhubula River, bambo wake wa Musamude, Anjiru ndi Chizondi. Matafale anali mbale wawo, Anthony Makondetsa nayenso ndi wa mtundu womwewo. Bandi imeneyi sinachite kulembana ntchito. Ndi anthu okulira pabwalo limodzi, oti ngakhale atakangana amakakumanabe pamaliro.

Pa 27 November 2001 Matafale anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa chifukwa cha makalata amene analemba odzudzula boma la Bakili Muluzi. Anali ndi zaka 32 zokha, ndipo nyimbo yake ya "Time Mark", yonena za kugwetsedwa kwa nyumba zazitali ku New York pa 11 September chaka chomwecho, inali ikadali yatsopano m'makutu mwa anthu. Ine ndinali ndi zaka 6, ndale sindinkazidziwa. Chimene ndimakumbukira n'choti tsiku limene nkhaniyo inamveka adadi anabwera kunyumba dzuwa lisanalowe, zimene sankachita ngakhale pa Khirisimasi. Anakhala pakhonde, nsima inabwera n'kubwerera. Koma bandi sinafe. Musamude anatenga maikolofoni, Kuimba 3 inatuluka, zina n'kutsatira, ndipo adadi ankagula iliyonse sabata yomwe yatulukira. Iwo ankati Matafale anali mneneri, Musamude anali woimba: winayo ankakuopseza, winayu ankakutonthoza.

Kenako kunabwera 2007. Mu September Musamude anamwalira. Mu October, misozi isanaume, tinamva kuti Lucky Dube amuwombera ku Johannesburg. Chaka chotsatira anapitanso Gift Fumulani. Adadi anatolera makaseti onse, kuwaika m'katoni ya nsapato, n'kuikankhira pamwamba pa wadirobu. Sanalengeze chilichonse. Minibasi inangoyamba kuyenda ndi nkhani za pawailesi basi, ndipo wina akawafunsa, yankho linali lalifupi: "Anthu aja anatha." Anjiru atatsogolera bandi n'kupitiriza mndandanda wa Kuimba mpaka kudutsa 10, ine ndinkamvera ndekha. M'nyumba ndinkavala mahedifoni.

Anzanga akuntchito amamvera Driemo, Eli Njuchi, Onesimus ndi amapiano a ku Joni. Nanenso ndimamvera, sindine nkhalamba. Koma tsiku likavuta, malipiro akachedwa, kapena munthu amene unkamudalira akasintha nambala osakuuza, sindinaonepo amapiano akuthandiza. Ma Blacks amaimba za umphawi, nsanje ya pachibale, maliro ndi chikondi m'Chichewa choti agogo akumva, mwana akumva, popanda kudzionetsera. Ndipo Baibulo ladzaza thoo m'nyimbo zawo, kuposa m'nyimbo zina zimene timazitcha zauzimu. Tsiku lina ndinawapeza amama akuchapa kuseri akung'ung'udza nyimbo ina ya Musamude. Nditawauza mwini wake anati ndikunama, imeneyo anaimva kwa kwaya.

Mu 2019 matenda a shuga anawafika adadi m'maso. Anayamba ndi kulephera kuyendetsa usiku, kenako tsiku lina anangobweza makiyi kwa mwini galimoto, okha, ngozi isanachitike. Amene simunakhalepo ndi bambo wosiya ntchito mwa njira imeneyi simungamvetse chete wake. Munthu amene ankadzuka 4 koloko m'mawa, wodziwa dzenje lililonse la msewu wa Chileka, anasanduka munthu wa pakhonde, wailesi pamwendo, kudikira mauthenga a maliro kuti amve ngati pali dzina lodziwika. Kutuluka kwawo kunali kutchalitchi ndi kuchipatala kokatenga mankhwala. Sankadandaula, ndipo chimenecho ndicho chinkandiopsa kwambiri.

Za Ma Blacks tinkakangana mwa apo ndi apo, ine n'cholinga chongofuna kumva mawu awo atakwera. Ndinkabwera ndi zitsanzo za pa intaneti. Bob Marley anamwalira mu 1981, koma a Wailers sanapachike magitala. Joseph Hill wa gulu la Culture atamwalira ku Berlin mu 2006 ali paulendo woimba, mwana wake Kenyatta anatenga maikolofoni n'kupitiriza ulendowo. A Rolling Stones anayamba mu 1962, woimba ng'oma wawo Charlie Watts anapita mu 2021, koma nkhalamba zotsalazo zikudzazabe mabwalo a mpira. Kwathu konkuno Alleluya Band ya ku Balaka yakhalapo kuyambira 1978, anthu akulowa ndi kutuluka. Tsiku lina ndinaganiza kuti ndawagwira pakhosi. Ndinati kumudzi kwathu mfumu ikamwalira, mphwake amalowa dzina, ndipo palibe amanena kuti mudzi watha.

Adadi anaseka pang'ono. Iwo amanditchula kuti "amayi" chifukwa ndinapatsidwa dzina la mayi awo, ndipo zinthu zikakhala bwino amandipatsa ulemu wonse wa dzinalo.

"Amayi, dzina amalowa. Mpando amalowa. Koma mawu a munthu amapita nawo kumanda."

Ndinasowa choyankha.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi imfa ya Lucius Banda pa 30 June 2024. Sabata yonseyo pa WhatsApp ndi pa Facebook anzanga ankangolemba zofanana, kuti Soja ankabwera mu Blantyre muno kawirikawiri koma iwo ankati adzapita ulendo wina. Ndinkawerenga mauthengawo n'kumayang'ana pakhonde. Ndiye mu October nditaona chithunzi cholengeza kuti Ma Blacks akaimba Lamlungu masana pamalo ena achisangalalo ku Machinjiri, sindinafunse munthu. Bandiyi ili ndi chizolowezi chimenecho: Lachisanu ndi Loweruka usiku n'kwa okonda usiku, Lamlungu masana n'kwa ife ofuna kukagona kwathu. Ndinapatula ndalama ya anthu awiri pa malipiro anga, n'kuitula nkhaniyo pa nsima Lachitatu.

Amama anaika chipande pansi. "Lamlungu? Kubala? Munthu wodwala? Akakakuonani a kutchalitchi mudzati chiyani?"

"A kutchalitchi akakationa ndiye kuti nawonso ali komweko," ndinatero ine. Diso limene anandiponyera ndikulikumbukabe.

Adadi anakana, monga ndinkayembekezera. Anati sangawononge ndalama kukamvera ana akuyeserera akuluakulu. Ndinati chabwino, ndipita ndekha, ndikabwera pa kabaza usiku. Nkhani inathera pomwepo. Koma Lamlungu titabwera kutchalitchi n'kudya, ndinawapeza sanavule jekete, nsapato zili kuphazi, ndodo ili m'manja. Anauza amama kuti mwana wamkazi sangapite yekha kumalo ngati amenewo, iwo akungondiperekeza basi. Munthu woti sangaone nkhope yanga ndikaima tsidya lina la tebulo, ati akukandilondera. Amama sananene kanthu. Anangondipatsira botolo la madzi ndi maswiti atatu m'manja, monga anatilangizira achipatala.

M'minibasi ndinawakhazika kutsogolo. Kondakitala, mnyamata woti mwina anali asanabadwe pamene Kuimba 2 inkatuluka, anati, "Madala, bwinobwino pokwera," n'kuwagwira mkono. Tisanapite patali adadi anali atayamba kale ntchito. Anamuuza dalaivala kuti akuchedwa kusintha giya, kuti klatchi yake yatsala pang'ono, kuti kutsogoloko kuli hampu achepetse. Zonsezi ndi khutu ndi msana. Dalaivala anayamba wakwiya, koma hampu itapezekadi anafunsa kuti, "Kodi bwana munayendetsapo?" Kuyambira pamenepo inali nkhani ya mizere ya pafilingi, mtengo wa matayala chigwetsereni kwacha mu November 2023, ndi eni magalimoto osamva kuti tsiku lavuta. Mawu amene adadi analankhula paulendo waufupi umenewo anaposa a mwezi wathunthu kunyumba.

Tinafika cha m'ma 3 koloko, dzuwa la October likuwotcha ngati lakwiya. Pageti anatidinda padzanja. Ndinkayembekezera utsi ndi anthu oledzera, ndipo zinalipo ndithu, sindinama. Koma panalinso azimayi atabereka ana, abambo ovala malaya a kutchalitchi ngati adadi, atsikana a ku koleji akujambulana, ndi marasta akugulitsa zipewa ndi mikanda yofiira, yachikasu ndi yobiriwira. Fungo la kanyenya ndi tchipisi linali ponseponse. Wina wovala jezi ya Bullets ankagawana botolo ndi wa jezi ya Wanderers, zoti pa Kamuzu Stadium sungazione. Tiana tiwiri ta madiredi tinkathamangitsana pakati pa mipando, ndipo ndinakumbukira kuti mpaka mu 2023, pamene khoti lalikulu ku Zomba linagamula nkhaniyo, ana otere ankabwezedwa pakhomo la sukulu za boma. Nyimbo za makolo awo tinkazivina dziko lonse, ana awo tikuwabweza.

Rasta wina wa madiredi a imvi atationa tikufufuza pokhala, ananyamuka pampando wake wapulasitiki n'kuupereka. "Akhale apa bambo, pamthunzi." Adadi anathokoza mwaulemu, kenako anandinong'oneza kuti munthuyo akununkha fodya wamkulu. Ndinati mpando ulibe fungo, khalani.

Tikudikira, anyamata ena kumbuyo kwathu ankadandaula za mtengo wa pageti, mafoni a ndalama zambiri ali m'manja. Ndinafuna kuwatembenukira. M'badwo wathu unazolowera kuti nyimbo ndi zaulere ngati mphepo. Nthawi ya adadi, chimbale chikatuluka anthu ankagula makaseti, woimba n'kuonako kanthu. Msika umenewo unafa anthu atayamba kuikitsa nyimbo mazanamazana pamemori khadi ndi ndalama yosakwana buledi, kenako kumangotumizirana pa WhatsApp. A COSOMA amatolera ndalama za umwini wa nyimbo, inde, koma bandi ya anthu ambiri chonchi, yokhala ndi onyamula zida, galimoto ndi mafuta, imadya za pageti. N'chifukwa chake Ma Blacks sapuma: sabata ino Mzuzu, ya mawa Mangochi, inayo Mulanje. Amene akufuna kuti bandi idzakhalepo chaka chamawa, povotera pake ndi pageti paja.

Anayamba oimba achinyamata otsegulira, kenako Anthony Makondetsa, amene anthu amamutcha Mr Cool, ndipo kutsogolo kunadzaza. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti foni imatipatsa theka la nyimbo. Kasipika kake n'kakang'ono, sikangatulutse mawu apansi. Kamakupatsa woimba ndi kiyibodi, besi n'kuisiya panja. Pomwe reggae nyumba yake ndi besi. Gitala amangodula pakati pa kugunda, tcha, tcha, ngati munthu akuwaza tinkhuni. Woimba ng'oma amasiya dala kugunda koyamba n'kudzagwetsa zonse pa kachitatu, kaimbidwe kamene ku Jamaica amati one drop. M'mpata umene watsalawo ndi mmene besi imayendamo, ndipo pa masipika akuluakulu aja siumva ndi khutu lokha. Imalowera kuphazi, kukwera m'mawondo, n'kukhazikika pachifuwa. Botolo la madzi m'dzanja langa linkanjenjemera.

Adadi anakhala atapinda manja, chibwano m'mwamba, ngati woweruza milandu. Anjiru atakwera pasiteji anthu anakuwa mpaka makutu kuwawa, koma iwo sanasunthe. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Ndinayamba kuwerengera m'mutu ndalama yobwerera. Pa yachitatu ndinaona ndodo ikugogoda pansi, osati paliponse, koma pa kachitatu paja ndendende. Kenako anandikoka mkono.

"Amayi, amene ali pa besiyo ndani?"

"Peter Amidu."

"Yemwe uja?"

"Yemwe uja, adadi."

Anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. "Ndinadziwa. Dzanja limenelo ndi la pa makaseti anga."

Anafunsanso za kiyibodi, ndinati ndi Chizondi. Anati ndiwafotokozere mmene akuonekera onsewo, ngati anenepa, ngati ali ndi imvi, ngati Anjiru amafanana ndi mkulu wake poima. Ndinakhala maso awo, ndikukuwira m'khutu mwawo pakati pa phokoso lonselo, anthu oyandikana nafe n'kumathandizira pamene ndaphonya. Ndinawauzanso kuti ana amene amawanena aja ndi abambo akuluakulu tsopano, ndipo Anjiru watsogolera bandiyi zaka 17, kuposa Matafale ndi Musamude kuphatikiza pamodzi. Sanayankhe, koma ndinaona akuwerengera ndi zala pabondo.

Dzuwa litapendeka anayamba nyimbo za Matafale. Kiyibodi itangolira poyambira pa "Yang'ana Nkhope", bwalo lonse linadziwa lisanauzidwe. Chimene chinachitika pamenepo sichinatulukepo pa mikangano yathu yonse ya pakhonde. Mawu a Anjiru sankamveka n'komwe. Anthu anamulanda nyimbo. Mayi wobereka mwana, rasta wa imvi, anyamata odandaula za pageti aja, ana obadwa Matafale atagona kale zaka 10 m'manda, onse ankaimba liwu ndi liwu, oimba pasiteji n'kungotsala ogwirizira. Funso loti kodi woimbayo akufanana ndi mwini nyimbo linasowa pokhala, chifukwa oimba anali mazana.

Adadi anaimirira okha, osandigwira. Ndodo anaikoleka pamkono. Kuvina kwawo sikunali kodumpha kwa achinyamata kuja, kunali kongopondaponda pamalo amodzi, mapewa akutsika ndi kukwera, ngati munthu amene akuyendetsa galimoto pamsewu wa mabampu. Ndipo ankaimba. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe, patatha zaka 16 katoni ili pamwamba pa wadirobu. Ndinali nditaiwala kuti mawu awo ndi okhuthala chonchija. Kutchalitchi amangoyendetsa milomo. Ndinatulutsa foni n'kujambula masekondi 40. Vidiyoyo ndi yoipa zedi, chithunzi chikugwedera, mawu akungoti phwaphwaphwa chifukwa besi inaposa mphamvu ya kamaikolofoni ka foni. Sindinaiike pa status. Ndinaitumiza kwa achimwene anga ku Johannesburg okha, ndipo anayankha usiku womwewo ndi funso limodzi: "Amenewo ndi adadi?"

Nyimbo zitatu zitadutsa ndinaona kuti kupondaponda kwasintha. Thukuta linali kamukamu, koma lozizira, dzanja likunjenjemera mosagwirizana ndi ng'oma. Amene mumasamalira wodwala shuga mukudziwa zimene zimabwera m'mutu nthawi ngati imeneyo: munthu wamwa mankhwala, wadya pang'ono masana, watentheka, wavina, shuga watsika. Ndinawakhazika pansi n'kuwapatsa maswiti aja, mtima uli phaphapha. Mayi wina wogulitsa zakumwa anaona, anabwera ndi Fanta wotsegula kale, za ndalama anati tikambirana pambuyo. Rasta uja anayamba kuwakupiza ndi chipewa chake. Kwa mphindi 10 kapena kuposerapo sindinamve nyimbo iliyonse. Ndinkangoyang'ana milomo yawo ndi kuganiza zimene ndikanene kwa amama.

Atayamba kubwerera mwakale ndinati tizipita. Apa ulemu wa "amayi" unatha.

"Iwe, walipira pageti paja ndani?"

"Ndalipira ine, adadi."

"Ndiye usawononge ndalama yako. Ithe kaye iyi."

Inatha imeneyo, inathanso ina. Tinagwirizana kuti akhala pampando, ndipo anakhaladi, koma ndodo sinapume. Tinatuluka cha m'ma 7 koloko, bandi ikadali pakati, besi ikutiperekeza mpaka kumsewu. Mayi wa Fanta uja anakana ndalama, anati nawonso ali ndi bambo kwawo.

Kabaza ndinakana, tinachita hayala takisi. Mumdima muja adadi anakhala chete kwa nthawi, kenako anapereka chigamulo chawo.

"Mwana uja amaimba. Koma si Musamude."

"Nanga Musamude anali Matafale?"

Woyendetsa takisi anachepetsa wailesi, nayenso akufuna kumva.

"Sanali," anatero adadi. "Ndipo chaka choyamba ndinkamunena chimodzimodzi." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafunsa woyendetsayo ngati mwambo wokumbukira Matafale umachitikabe pa Gadaga ku Chileka mwezi wa November. Atamva kuti chaka chilichonse anthu amadzaza, anati kumeneko n'kwa fumbi, munthu wa maso ngati awo sangapiteko. Patapita kanthawi anafunsa kuti umayamba nthawi yanji.

Kunyumba amama anali pakhomo, tochi ya foni ili m'manja. Anawayang'ana adadi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako ine. Za Fanta tinali titapangana m'takisi kuti ndikanena ndine, kukacha, anthu atagona bwino.

"Ndiye mwaonako zotani, abambo?"

"Phokoso basi," anatero adadi akuvula jekete. "Ana a masiku ano."

M'mawa mwake ndikukonzekera kupita kuntchito ku Limbe, ndinamva akuitana mdzukulu wawo kuti akwere pampando atsitse katoni ya pamwamba pa wadirobu. Makaseti alimo 9, ena zikuto zinasweka, Kuimba 1 ikadali ndi selotepi pamene tinalumikiza ndili mwana. Vuto n'loti m'nyumba mulibe choimbira. Wailesi ya kaseti inafa kalekale. Ndinawauza kuti nyimbo zonsezo ndili nazo pafoni, ndikhoza kuwagulira kasipika ka Bluetooth. Akana. Akufuna yawo yokoka mawu ija. Ndafunsa m'mashopu a ku Limbe, anyamata ogulitsa akungondiseka. Loweruka lapitali ndinapeza bambo wina wokonza mawailesi mumsika wa Ndirande amene ali nayo imodzi ya Panasonic, koma lamba wake anaduka. Akuti ndikabwere Lachinayi, ndipo ndibwere ndi kaseti imodzi yoyesera, yoti ikatafunidwa mwini wake sadzalira. Adadi akhala akusankha kuyambira dzulo.